Akuti Njira Yosavuta

Pageti anatilembetsa maina m'buku lothimbirira,
ine ndi Tionenji, chitsirizira wanga,
amene anandikoka ku Kapata kusanache,
ati bondo lochitidwa opaleshonili lisazolowere mpando.
Lufeyo, mlonda wa nyama, anakoleka mfuti paphewa
ngati munthu wopita kudimba ndi khasu.
"Musaope, madala, njirayi ndi yosavuta.
Maola awiri basi. Palibe chitunda."

Zoonadi, palibe.
Msewu wagona chagada m'mphepete mwa Luangwa,
udzu waudya uku ndi uku
n'kusiya kamzere kokwana phazi la munthu
ndi la njovu.
Madzi a Seputembala aphwa,
atsala oonda, ofiirira ngati tiyi wa mkaka wopempha,
ndipo mvuu zathithikana m'dziwe limodzi,
kukankhana ndi kudandaula
ngati okwera minibasi ya ku Katete.

Tinadutsa m'mivunguti.
Lufeyo anati tisaime pansi pake,
chipatso chikamagwa sichifunsa ngati ndiwe mlendo.
Nswala zinatiyang'ana osaleka kutafuna.
Kashembe anandiluma kuseri kwa khutu.
"Moni wa kuno ameneyo," anaseka Tionenji.

Pamene msewu ukhotera ku mtengo wa bwemba
pali mwala wosema, wolekeza m'mawondo.
Nambala yake inafufutika, watsala mchira wa seveni.
Lufeyo anaugogoda ndi jombo:
"Msewu wakalekale uwu. Azungu a boma ankadutsa pano."
Ankadutsa.
Liwulo linandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Bambo anga, a Zakeyo, anali ndi dazi pakati pa mutu,
lozungulira ngati nkhata,
ndipo silinali la ukalamba.
Ali mnyamata anasenza bafa lachitsulo la bwana
masiku asanu ndi anayi,
anzawo atanyamula mwini bafayo m'machila
akuwerenga nyuzipepala ya mwezi watha.
Sananenepo kuti unali msewu uti.
Ankangoti "kuchigwa,"
kenaka n'kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola.

Sindikudziwa ngati ndi pano.
Komabe ndinavula nsapato yakumanja,
Tionenji akukalipa za minga,
n'kuponda dothi lotentha lija,
louma gwa ngati phale,
lolimba chifukwa wina analiponda
atalemedwa.

Nkhwazi inalira tsidya lina.
Pamchenga ng'ona inali kukamwa yasa,
yopanda nazo ntchito za ine kapena za bwana.
Mtsinje unayamba kale kudya msewuwu:
patsogolo pang'ono gombe linagumuka,
chipaipi cha simenti chili lende m'malere
kudikira madzi amene anasamuka.
Tinalambalala m'nkhalango ya tsanya
potsata kanjira kamene anyani anatsegula.
Lufeyo akuti mvula zisanu zikubwerazi
mwala uja nawonso ugwera m'madzi.

Sindinamve chisoni.
Ndinadzifufuza m'chifuwa monse, sindinachipeze.

Tinakhala pachipika kumwa thobwa la m'chigubu.
Ponyamuka Tionenji anandilanda kachikwama,
ati kakundilemera.
Munali mpango, mapiritsi a bipi ndi nthochi ziwiri.
Ndinafuna kukana, koma ndinam'siyira.
Ndinayenda manja ali lende,
pamutu palibe kanthu koma dzuwa
ndi mthunzi wa mbalame zodutsa,
mpaka ndinayamba kuimba mluzu
ngati munthu amene sakudikiridwa kulikonse.

Pageti anatitsegulira buku lomwe lija,
bolopeni yomangirira ku ulusi.
Tionenji analemba kuti waona mvuu makumi atatu ndi ziwiri,
ngakhale ine ndinawerenga zochepa.
Ndinagwira bolopeni nthawi yaitali,
bondo likugunda pang'onopang'ono,
kalaliki akutsokomola kuti ndifulumire.
Pansi pa dzina langa ndinalemba la a Zakeyo.
Pa nthawi yolowera ndinasiya poyera.
Pa nthawi yotulukira ndinayang'ana wotchi,
inali teni koloko itangopitirira,
ndipo ndinawalembera yomweyo.